Mafunso ndi Mayankho: Maphunziro a Pantchito Asintha, Koma Kodi Antchito Akuphunziradi?

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno akukhudza maphunziro amene olemba ntchito amapereka kwa antchito awo. Ena mwa olembawo ndi mabwana amene akudandaula za ndalama zimene akuwononga, ena ndi antchito amene akuona kuti njira zatsopano zophunzirira zikuwasiya m'mbuyo. Tasankhapo makalata asanu ndi imodzi, ena tawafupikitsa, ndipo mayina a olemba ndi a makampani awo tawachotsa monga mwa nthawi zonse.

FUNSO: Akonzi, ndine woyang'anira za antchito pa kampani ya anthu pafupifupi 200. Chaka chilichonse timatumiza antchito ku maphunziro a masiku awiri kapena atatu, ndipo amabwerako akuyamikira kuti aphunzira zambiri, satifiketi ili m'manja. Koma pakatha mwezi umodzi aliyense amakhala akugwira ntchito monga ankachitira kale. Tsopano abwana athu akufuna kuti maphunziro onse azichitikira pa intaneti, akuti ndiyo njira yamakono komanso yotsika mtengo. Kodi ndivomere?
Mayi woyang'anira za antchito

YANKHO: Zikomo mayi chifukwa cha kalata yanu. Mwafunsa funso limodzi, koma ine ndikuonamo awiri, ndipo limene abwana anu aika patsogolo si limene liyenera kukusowetsani tulo. Ndiyamba ndi lawolo chifukwa ndi losavuta kuyankha.

N'zoona kuti maphunziro ambiri asamukira pa intaneti. Mu 2012 kunayamba Coursera ndi edX, zimene zinatsegula maphunziro a mayunivesite otchuka kwa aliyense wokhala ndi kompyuta, ndipo mu 2015 kampani ya LinkedIn inagula Lynda.com, imene inkaphunzitsa luso la ntchito kudzera m'mavidiyo. Mliri wa COVID-19 utafika mu 2020, makampani amene ankazengereza anakakamizika kusamutsira maphunziro awo pa Zoom ndi Microsoft Teams m'masabata ochepa chabe, ndipo ambiri sanabwererenso kotheratu ku njira yakale. Ubwino wake ndi woonekeratu: ndalama za mayendedwe ndi malo ogona zimapulumuka, munthu amaphunzira pa nthawi imene yamukomera, ndipo phunziro limodzi limafikira antchito a nthambi zonse mofanana.

Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Justin Reich ndi José Ruipérez-Valiente atasanthula maphunziro a mayunivesite a MIT ndi Harvard a pa edX, anafalitsa mu 2019 kuti m'chaka cha maphunziro cha 2017 mpaka 2018, anthu pafupifupi atatu okha pa 100 alionse amene anayamba ndi amene anamaliza. Anthuwo ankaphunzira mwa kufuna kwawo, choncho sangafanane ndendende ndi wantchito wotumidwa ndi bwana. Wotumidwayo amamaliza ndithu, koma nthawi zambiri amangodina batani lopitira patsogolo uku akuyankha maimelo, ndipo pulogalamu imalemba kuti waphunzira.

Tsopano tibwere ku vuto lenileni, loti anthu amabwera ku maphunziro ali osangalala koma ntchito n'kumayenda monga kale. Vutoli silinabwere ndi intaneti, ndipo intaneti siingalithetse. Mu 1959 Donald Kirkpatrick wa ku America anafotokoza kuti phindu la maphunziro liyenera kuyezedwa pa magawo anayi. Gawo loyamba ndi kuona ngati ophunzirawo akhutira nawo, lachiwiri ndi kuona ngati adziwadi zimene sankadziwa, lachitatu ndi kuona ngati kagwiridwe kawo ka ntchito kasintha, ndipo lachinayi ndi kuona ngati kusinthako kwabweretsa phindu, monga kuchepa kwa ngozi, kwa katundu wowonongeka kapena kwa madandaulo a makasitomala. Makampani ambiri amathera pa gawo loyamba, pa kapepala kaja kamene amagawa tsiku lomaliza kofunsa ngati mphunzitsi ankamveka bwino ndiponso ngati chipinda chinali chabwino. Zimene mwalemba zikusonyeza kuti inu mwayamba kale kufunsa za gawo lachitatu, ndipo m'pomwe pagona nkhani.

Ofufuza awiri, Timothy Baldwin ndi Kevin Ford, atasanthula mu 1988 kafukufuku amene analipo pa nkhaniyi, anasonyeza kuti zimene munthu waphunzira zimafika pa ntchito yake malinga ndi zinthu zitatu: mmene wophunzirayo alili, mmene maphunzirowo anakonzedwera, ndi malo amene akubwererako. Chachitatuchi ndi chimene chimaiwalika. Wantchito angaphunzire njira yabwino yolandirira madandaulo, koma akabwerera n'kupeza ntchito ya masiku atatu itaunjikana pa tebulo, womuyang'anira osamufunsa n'komwe kuti waphunzira chiyani, anzake n'kumamuseka akayesa njira yatsopanoyo, adzabwerera ku chizolowezi chake sabata isanathe, ndipo sitingamudzudzule.

Malangizo anga ndi akuti musatumizenso munthu ku maphunziro alionse, kaya a m'chipinda kaya a pa intaneti, musanakhale pansi ndi womuyang'anira n'kulemba chinthu chimodzi kapena ziwiri zimene mukufuna kuti munthuyo azichita mosiyana akabwerako. Woyang'anirayo alonjeze kuti m'sabata yoyamba adzamupatsa ntchito yofuna luso latsopanolo, ndipo inu mudzapitenso pakatha miyezi itatu kukaona ngati zasintha, pogwiritsa ntchito chinthu chowerengeka chimene munagwirizana poyamba.

Pa funso la abwana, musakane zonse ndipo musavomere zonse. Malamulo a kampani, mfundo zotetezera makompyuta kwa akuba ndi kagwiritsidwe ntchito ka pulogalamu yatsopano zingaphunzitsidwe bwino pa intaneti. Koma kukambirana ndi kasitomala wokwiya, kudzudzula wantchito popanda kumunyoza kapena kuyendetsa makina oopsa kumafuna kuti munthu ayesere pamaso pa wina wodziwa amene angamukonze nthawi yomweyo. Ndalama zimene mupulumutse pa zoyambazo muwapemphe abwana kuti zipite ku zomalizazi. Muwapemphenso kuti nthawi yophunzirira pa intaneti ikhale m'kati mwa maola a ntchito, chifukwa kampani imene imauza antchito kuti aziphunzira usiku kunyumba yangosenzetsa iwo ndi mabanja awo mtolo umene unali wake.

FUNSO: Ndine mnyamata wa zaka 26 ndipo ndimagulitsa inshuwalansi. Kampani yathu inasiya maphunziro a tsiku lonse, tsopano imatitumizira timavidiyo ta mphindi zisanu pa foni, kenako timafunso titatu. Anzanga akuti ndi masewera chabe. Kodi munthu angaphunziredi ntchito mwa njira imeneyi?
Mnyamata wogulitsa inshuwalansi

YANKHO: Achimwene, anzanuwo akulondola pang'ono chabe. Kuphunzitsa m'tizigawo tating'ono kwafala chifukwa cha mafoni, koma maziko ake ndi akale. Mu 1885 Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anafalitsa zimene anapeza atadziyesa yekha poloweza timawu topanda tanthauzo. Anaona kuti zambiri zimene munthu waloweza zimaiwalika msanga m'maola ndi m'masiku oyambirira, kenako kuiwalako kumachepa liwiro, ndiponso kuti kubwereza kotalikirana masiku kumasunga zinthu m'mutu kuposa kubwereza kambirimbiri tsiku limodzi. Ofufuza a pambuyo pake atsimikizira zimenezi mobwerezabwereza, ndipo awonjezera mfundo yoti kuyesa kutulutsa yankho m'mutu mwako kumathandiza kukumbukira kuposa kungowerenganso. Choncho timafunso titatu tija si tokongoletsera, mwina ndi tofunika kuposa vidiyo yeniyeniyo. Pang'onopang'ono ndi mtolo, bola ngati zimene munaonera sabata yatha zikubweranso m'mafunso a mwezi wamawa.

Njirayi ili ndi malire ake. Kavidiyo ka mphindi zisanu kangakukumbutseni malamulo a mtundu watsopano wa inshuwalansi, kapena mawu amene muyenera kuuza kasitomala asanasaine. Sikangakuphunzitseni kumvetsera mayi wamasiye amene sakumvetsa chifukwa chake ndalama zachedwa, popeza luso lotero limabwera ndi kuyesera, kulakwitsa ndi kukonzedwa. Ngati kampani yanu yachotsa maphunziro aataliwo popanda kuikapo njira ina yoyeserera pamodzi, pemphani mkulu wa nthambi yanu kuti kamodzi pa mwezi muzikhala pansi ola limodzi, wina akhale kasitomala, wina wogulitsa, otsalawo azimvetsera n'kunena zimene aona.

Ndiwonjezerepo kanthu kena, popeza ogulitsa mapulogalamu otere amakonda kunena kuti pulogalamu yawo imazindikira ngati munthu amaphunzira bwino ndi maso, ndi makutu kapena ndi manja, n'kumupatsa phunziro logwirizana naye. Mu 2008 gulu la akatswiri a zamaganizo lotsogozedwa ndi Harold Pashler linaunika chikhulupiriro chimenechi, ndipo silinapeze umboni wokwanira woti kuphunzitsa munthu motsatira njira imene amaikonda kumawonjezera zimene waphunzira. Phunzirolo ndi limene liyenera kusankha njira: mapu amafuna maso, katchulidwe ka chilankhulo kamafuna makutu, kumanga mfundo pa chingwe kumafuna manja.

FUNSO: Ndili ndi kampani yaing'ono yoika ndi kukonza zipangizo za magetsi a dzuwa. Ndinalipirira anyamata awiri maphunziro, ndipo onse atangolandira masatifiketi anapita kwa opikisana nane. Ndatsala pang'ono kulumbira kuti sindidzaphunzitsanso munthu. Kodi ndingalakwe?
Bambo mwini kampani

YANKHO: Bambo, kupwetekedwa mtima kwanu n'komveka, ndipo vuto lanu akatswiri a zachuma analiona kalekale. M'zaka za m'ma 1960 Gary Becker, amene anadzalandira mphoto ya Nobel mu 1992, anasiyanitsa mitundu iwiri ya luso. Pali luso limene limathandiza pa kampani imodzi yokha, monga kudziwa makasitomala ake ndi kayendetsedwe kake, ndipo pali luso limene munthu angapite nalo kulikonse, monga kulumikiza mawaya a magetsi molondola. Iye anaona kuti wolemba ntchito amazengereza kulipirira luso lachiwirili, chifukwa wina amene sanawonongepo kalikonse angamukope wantchitoyo ndi malipiro okwererapo.

Mayiko ayesa njira zosiyanasiyana zochepetsera vutoli. Ku Britain, kuyambira mu 2017, olemba ntchito amene malipiro a antchito awo onse amaposa mapaundi 3 miliyoni pa chaka amapereka theka la peresenti imodzi ya malipirowo ku thumba la maphunziro a ntchito, ndipo ku South Africa msonkho wa mtundu womwewo ndi peresenti imodzi. Cholinga chake n'chakuti wokonda kukolola pamene sanalime aziperekako ndithu. Ku Singapore boma linasankha kuthandiza munthu mwiniwakeyo, ndipo mu 2016 nzika iliyonse ya zaka 25 kapena kuposerapo inapatsidwa mwayi wa madola 500 a dzikolo oti ilipirire maphunziro amene yasankha. Ku Germany achinyamata ambiri amaphunzira ntchito kwa zaka ziwiri mpaka zitatu ndi theka, masiku ena a sabata ali pa kampani, ena ali ku sukulu ya ntchito, ndipo kampani imawalipira pa nthawi yonseyo. Chimodzi mwa zimene zimalimbitsa njirayi n'chakuti makampani ambiri amaphunzitsa nthawi imodzi, kotero amene wataya wophunzira wake amapezanso wophunzitsidwa ndi mnzake.

Inu simungadikire kuti malamulo asinthe, choncho tione zimene zili m'manja mwanu. Choyamba ndi mgwirizano wolembedwa, wosainidwa maphunziro asanayambe, wonena kuti wantchito akachoka nthawi yakutiyakuti isanakwane adzabweza gawo la ndalama zimene munalipira, gawolo n'kumachepa mwezi ndi mwezi mpaka kutha. Ndalama zobwezazo zisapose zimene munawonongadi, ndipo funsani wodziwa malamulo a ntchito a dziko lanu musanalembe, chifukwa mgwirizano womangirira munthu mopitirira muyeso khoti lingaukane.

Chachiwiri ndi chowawa kumva, koma ndichinena. Anyamata aja atabwera ndi masatifiketi, kodi malipiro awo kapena udindo wawo unasintha? Munthu amene luso lake lakwera amadziwa kuti ena tsopano angamulipire bwinopo, ndipo akaona kuti bwana wake sakuzindikira zimenezi, amapita kwa amene wazindikira. Musanalipire maphunziro otsatira, werengeranitu ndalama zokweza malipiro ngati gawo la mtengo wa maphunzirowo, ndipo mumuuze munthuyo pachiyambi pomwe. Kusiyiratu kuphunzitsa sindingakulimbikitseni, makamaka pa ntchito ya magetsi, pamene kulakwitsa kwa munthu wosaphunzitsidwa kungayatse nyumba ya kasitomala kapena kupha wantchitoyo.

FUNSO: Ndili ndi zaka 54 ndipo ndakhala mu ofesi yowerengera ndalama kwa zaka 28. Chaka chino atibweretsera mapulogalamu a AI, nzeru za makompyuta zotsanzira kaganizidwe ka munthu, amene amalemba malipoti ndi kusanja malisiti. Pa maphunziro ake mphunzitsi ankathamanga, achinyamata ankatsatira, ine ndinachita manyazi kufunsa. Kodi yakwana nthawi yoti ndingodikira kupuma pa ntchito?
Mayi wa mu ofesi ya akaunti

YANKHO: Ayi mayi, nthawi imeneyo siinakwane. Kuchokera pamene ChatGPT, pulogalamu ya AI yoyankha mafunso ndi kulemba nkhani, inatulutsidwa mu Novembala 2022, maofesi ambiri akhala akubweretsa mapulogalamu a mtundu umenewu mofulumira kuposa mmene akukonzekeretsera anthu awo. Lipoti la bungwe la za chuma la World Economic Forum la 2025 lonena za tsogolo la ntchito linati olemba ntchito akuyembekezera kuti pofika 2030, magawo 39 pa 100 alionse a luso limene antchito ali nalo lero adzakhala atasintha kapena atatha ntchito, ndiponso kuti pa antchito 100 alionse, 59 adzafunika maphunziro atsopano. Ziwerengerozi ndi zoyerekeza za mabwana amene anafunsidwa, komabe zikusonyeza kuti achinyamata amene ankatsatira mosavuta aja adzakhalanso pa mpando umene munakhalapo inuwo, mwina kangapo pa moyo wawo.

Sindikubisirani kuti ntchito zina, monga kulowetsa manambala a malisiti pamanja, zikuchepa ndipo zipitiriza kuchepa. Koma taonani zimene Erik Brynjolfsson, Danielle Li ndi Lindsey Raymond anapeza mu kafukufuku amene anatulutsa mu 2023, wokhudza antchito oposa 5,000 oyankha mafunso a makasitomala. Atapatsidwa pulogalamu ya AI yowathandiza, nkhani zimene ankathetsa pa ola zinawonjezeka ndi maperesenti 14, koma amene anapindula kwambiri, ndi maperesenti 34, anali ongoyamba kumene ndi osazolowera, pamene akatswiri anasintha pang'ono chabe. Ofufuzawo anaona kuti pulogalamuyo inkatenga njira za antchito aluso n'kumagawira atsopano. Tanthauzo lake kwa inu n'lakuti makinawa amadalira zimene anthu ngati inu akudziwa. Komanso amalakwitsa, ndipo amalakwitsa akulankhula motsimikiza, kotero ofesi imafunabe munthu amene angayang'ane lipoti n'kunena kuti chiwerengero ichi sichingakhale choona. Diso limenelo mwalisula kwa zaka 28, ndipo palibe maphunziro a masiku awiri amene angalipereke kwa wina.

Manyazi amene munachita aja si anu. Malcolm Knowles, amene analemba kwambiri za kaphunziridwe ka akuluakulu m'zaka za m'ma 1970, anatsindika kuti munthu wamkulu amaphunzira bwino akadziwa chifukwa chake akuphunzira, phunziro likamangidwa pa zimene akudziwa kale, ndiponso likamathetsa vuto limene ali nalo lero. Mphunzitsi amene akuthamanga osayang'ana ngati onse ali limodzi sanakwaniritse udindo wake.

Pali njira imene ikufala yoti wamng'ono aziphunzitsa wamkulu. Mu 1999 Jack Welch, mkulu wa kampani ya General Electric pa nthawiyo, anauza mabwana ake akuluakulu mazanamazana kuti aliyense apeze wantchito wachinyamata womuphunzitsa intaneti. Ngati mabwana a kampani yaikulu choncho anakhala pansi n'kuphunzitsidwa ndi antchito awo achinyamata, inu palibe chochititsa manyazi. Pitani kwa mkulu wanu mukapemphe kuti akupatseni wachinyamata mmodzi, theka la ola kawiri pa sabata kwa miyezi iwiri, pa desiki yanu, mukugwiritsa ntchito malisiti enieni a mwezi umenewo. Inunso mumuphunzitse mmene mumazindikirira invoisi yokayikitsa ndi mmene mumakonzekerera maodita akamabwera. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo mnyamata kapena mtsikana ameneyo adzazindikira zimenezi tsiku loyamba limene mabuku adzakane kugwirizana.

FUNSO: Abwana athu achepetsa bajeti ya maphunziro ponena kuti pali lamulo la 70-20-10 losonyeza kuti maphunziro a m'kalasi amathandiza pang'ono chabe. Kodi lamulo limeneli lilipodi?
Bambo mlembi wa bungwe la antchito

YANKHO: Bambo, mawuwo alipo, koma si lamulo. Anachokera ku kafukufuku wa bungwe la Center for Creative Leadership ku America m'zaka za m'ma 1980, pamene Morgan McCall, Michael Lombardo ndi anzawo anapempha mabwana ochita bwino kuti akumbukire zimene zinawakulitsa pa ntchito. Pambuyo pake mayankhowo anafupikitsidwa kuti magawo 70 pa 100 alionse anachokera ku ntchito zovuta zimene anapatsidwa, 20 kwa anthu ena, makamaka mabwana awo, ndipo 10 ku maphunziro ndi kuwerenga. Izi ndi zokumbukira za anthu a maudindo aakulu, ndipo sitingazigwiritse ntchito pa namwino, woyendetsa ndege kapena wokonza mabuleki a galimoto, amene sitingalole kuti aphunzirire pa kulakwitsa.

Mfundo yoona imene ili m'katimo ndi yakuti munthu amakula kwambiri pa ntchito yeniyeniyo. Koma ngati abwana anu akukhulupirira zimenezi, ayenera kuika ndalama ndi nthawi pa magawo aakuluwo: kusinthanitsa antchito m'nthambi zosiyanasiyana, kupatsa aliyense mlangizi, ndi kuchepetsera alangiziwo ntchito zina kuti apeze mpata. Kumusiya munthu yekha kuti adzionere si maphunziro. Pa msonkhano wotsatira afunseni mwaulemu kuti ndalama zimene zachotsedwa ku gawo la 10 zapita ku ntchito iti ya gawo la 70 kapena la 20. Fufuzaninso ngati dziko lanu linavomereza pangano nambala 140 la bungwe loona za ntchito padziko lonse la International Labour Organization, la mu 1974, lolimbikitsa kuti antchito azipatsidwa tchuthi cholipidwa chokaphunzira.

FUNSO: Ndakwezedwa kumene kukhala kapitawo mu fakitale yopanga mipando, ndipo andipatsa anthu anayi atsopano oti ndiwaphunzitse makina ochekera matabwa. Ntchitoyo ndimaidziwa bwino lomwe, koma ndikawaonetsa amagwedeza mutu kuti amva, mawa lake n'kulakwitsanso. Kampani yathu ilibe zipangizo zamakono zophunzitsira. Ndichite chiyani?
Bambo kapitawo watsopano

YANKHO: Bambo, landirani mafuno abwino pa udindo wanu watsopano, ndipo kusowa kwa zipangizoko kusakudetseni nkhawa. N'zoona kuti makampani aakulu tsopano akugwiritsa ntchito magalasi ovala kumaso amene amaonetsa wophunzira malo a ntchito ngati enieni, moti mu 2018 kampani ya Walmart inagawa magalasi otere pafupifupi 17,000 m'masitolo ake a ku America. Lingaliro lake si lachilendo, popeza Edwin Link anapanga makina oyeserera kuyendetsa ndege munthu ali pansi kale mu 1929, ndipo ndi lothandiza pamene kulakwitsa kwenikweni kuli koopsa kapena kodula. Koma njira imene ndikupatseni imangofuna pepala, cholembera ndi kudekha.

Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, mafakitale a ku America anataya amisiri ambiri amene anapita ku usilikali, pa nthawi yomwe ankafunika kupanga katundu wochuluka kuposa kale. Mu 1940 boma linakhazikitsa ndondomeko yotchedwa Training Within Industry, imene inkaphunzitsa akapitawo kaphunzitsidwe ka ntchito m'maola 10 okha, ogawidwa m'zigawo zisanu za maola awiri. Nkhondo itatha njirayi inafika ku Japan, ndipo kampani ya Toyota inaitenga m'zaka za m'ma 1950. Pa kakhadi kamene kapitawo aliyense ankayenda nako panali mawu akuti ngati wantchito sanaphunzire, ndiye kuti mphunzitsi sanaphunzitse. Sindikubwereza mawuwa pofuna kukudzudzulani, koma kuti muone kuti mphamvu yokonza vutoli ili kwa inu.

Musanakumane ndi wophunzira, khalani pansi mugawe ntchitoyo m'masitepe ochepa, ndipo pa sitepe iliyonse mulembe mfundo zimene zingawononge ntchito, zingavulaze munthu kapena zingaifewetse, pamodzi ndi chifukwa chake. Apa ndi pamene amisiri ambiri amadabwa, chifukwa amapeza kuti pali zinthu zimene manja ndi makutu awo amachita okha, monga kumva kulira kwa macheka n'kudziwa kuti thabwa likufunika kukankhidwa pang'onopang'ono, zimene sanazinenepo kwa munthu aliyense. Ndikukhulupirira kuti anthu anu anayi aja akulakwitsa pa zinthu zimenezo, zimene munawaonetsa koma simunawauze.

Kenako phunzitsani mmodzimmodzi. Yambani ndi kumumasula, kumufunsa zimene akudziwa kale, ndi kumuimika pambali panu, osati moyang'anizana nanu, kuti aone manja anu monga adzaonere ake. Chitani ntchitoyo mukutchula masitepe, ibwerezeni mukutchula mfundo zofunika, ibwerezeninso mukufotokoza zifukwa. Mukatero mupatseni achite yekha inu mukumukonza nthawi yomweyo, achitenso akutchula masitepe, mfundo ndi zifukwa ndi pakamwa pake, mpaka inuyo mutatsimikiza kuti wadziwa. Kugwedeza mutu si umboni, ndipo kumufunsa ngati wamva sikuthandiza, chifukwa wantchito watsopano amene akuopa kuchotsedwa adzavomera nthawi zonse. Pomaliza musiyeni agwire yekha, mumusonyeze munthu woti azimufunsa inu mukachokapo, ndipo muzimuyendera pafupipafupi masiku oyamba, kenako mwa apo ndi apo.

Nkhani ya mantha ija ndi yaikulu. Amy Edmondson wa ku yunivesite ya Harvard atafufuza magulu a ogwira ntchito m'zipatala m'zaka za m'ma 1990, anadabwa kupeza kuti magulu oyendetsedwa bwino ndi amene ankanena zolakwika zambiri, ndipo ataunika anaona kuti kusiyana kunali pa kumasuka kuulula. Safunsa anadya phula, koma munthu amafunsa pokhapokha akadziwa kuti sanyozedwa. Mmene mudzayankhire funso loyamba looneka lachibwana ndi mmene anayi onsewo adzadziwire ngati n'kotheka kufunsanso.

Popeza awa ndi makina ochekera, mfundo zoteteza zala ndi maso muzilembe pa pepala lija ndi inki yofiira, ndipo pa masiku oyambirira wophunzira ayesere makina ali ozimitsa, mpaka mutaona kuti manja ake akupita okha pamalo oyenera. Mukamaliza ndi woyamba itanani wachiwiri, koma woyamba uja aimirire pafupi, ndipo zifukwa za sitepe iliyonse azifotokoza ndi iyeyo, inu mukumvetsera.